Malamulo a maphunziro a MBA ku South Africa: mafunso ndi mayankho

Miyezi ya Okutobala ndi Novembala ikafika, foni yanga siyipuma. Ena ali ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Chipata ndipo akufuna kukachita MBA, digiri ya masters ya kayendetsedwe ka bizinesi, ku Joni. Ena ali kale m'kalasi koma zinthu zawathina. Mafunso ake sasintha kwenikweni, n'chifukwa chake ndawasonkhanitsa pano. Chimene ndaona n'chakuti munthu amene wafika polandiridwa ku sukulu ya bizinesi sagwa kawirikawiri chifukwa cha mutu. Chimamugwetsa ndi fomu imene sanalembe, tsiku limene linamudutsa, kapena vuto limene analisunga mumtima mpaka mayeso atatha. Paja safunsa anadya phula.

Kodi sukulu ya bizinesi ndi yunivesite payokha?

Zambiri mwa zotchuka ndi nthambi za mayunivesite akuluakulu. Graduate School of Business ya University of Cape Town (UCT) ili ku Waterfront, m'nyumba zimene kale zinali ndende ya Breakwater. Wits Business School ili ku Parktown mu Johannesburg ndipo inayamba mu 1968. Gordon Institute of Business Science (GIBS) ndi ya University of Pretoria ngakhale kuti ili ku Illovo, mu Johannesburg momwemo, ndipo inatsegulidwa mu 2000. Ya Stellenbosch ili ku Bellville, ya Unisa ili ku Midrand. Palinso zina zimene si za boma, monga MANCOSA, Regent ndi Milpark.

Izi zikukukhudzani chifukwa mudzakhala pansi pa malamulo awiri: a sukulu ya bizinesiyo ndi a yunivesite yonse. Za mayeso, milandu ya kubera, ngongole ya fizi ndi kupereka digiri zimatsatira malamulo a yunivesite. Mayi kapena bambo wa mu ofesi ya pulogalamu, ngakhale akhale wachifundo chotani, alibe mphamvu zowasintha.

Malamulowo ndiwapeza kuti?

Malo atatu. Choyamba ndi buku la malamulo la chaka chimene mwalembetsa, limene amalitcha handbook kapena yearbook. Chachiwiri ndi pepala la kosi iliyonse limene mphunzitsi amapereka poyamba, lonena za maasayimenti, masiku ake ndi kagawidwe ka malikisi. Chachitatu ndi imelo ya sukulu, imene anthu ambiri ogwira ntchito saitsegula chifukwa anazolowera ya kuntchito. Uthenga ukatumizidwa kumeneko, sukulu imati mwauzidwa basi.

Zolemba za m'kalasi ndi malo operekera ntchito zimakhala pa intaneti. Ku Wits malowa amawatcha Ulwazi, ku UCT ndi Amathuba. Zimene mwamva pa gulu la WhatsApp la kalasi si lamulo, ngakhale atanena ndi kalasi repu.

Digiri yanga ya kumudzi ikwanira?

Apa ndi pamene ambiri amakhumudwa koyamba. Maphunziro ku South Africa anawaika pa makwerero khumi otchedwa NQF. Digiri yoyamba ya zaka zitatu ili pa 7, honours ndi postgraduate diploma zili pa 8, masters ili pa 9, udokotala pa 10. Kuyambira mu 2016 MBA inaikidwa pa 9, ndiye kuti wolowa ayenera kukhala ndi pepala la pa 8.

Amene amanena kuti pepala lakunja lili pa khwerero liti ndi bungwe la SAQA, osati sukuluyo, osatinso inuyo. Mumatumiza satifiketi ndi thiransikiriputi, iwo amafunsa ku yunivesite imene munaphunzira, kenako amatulutsa kalata. Kuti munakhala zaka zinayi pa koleji sizitanthauza kuti mugwera pa 8. Mukagwera pa 7, njira yake ndi kuyamba mwachita postgraduate diploma ya za bizinesi, ya makirediti 120, imene nthawi zambiri imatenga chaka. Si chilango. Ambiri amene anadzera kumeneko amalowa MBA atazolowera kale kalembedwe ndi liwiro lake.

Yambani za SAQA msangamsanga. Chimachedwetsa nthawi zambiri ndi yankho lochokera ku yunivesite yanu yakale, choncho ngati muli pafupi, pitani nokha ku ofesi ya rejisitira kukakumbutsa.

Ndilibe digiri koma ndayendetsa kampani zaka 15. Palibe khomo?

Lilipo koma ndi lopapatiza. Amalitcha RPL, ndiko kuti kuzindikira zimene munthu anaphunzira pa ntchito. Ndondomeko ya Council on Higher Education, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba ku South Africa, imati olowera khomo limeneli asapitirire 10 mwa ophunzira 100 alionse a pulogalamu. Mumasonkhanitsa umboni wa ntchito zimene mwagwira, maudindo ndi makosi aafupi amene munachita, ndipo mwina angakupatseni mayeso apadera.

Nanga GMAT ndi yokakamiza?

GMAT ndi mayeso olowera sukulu za bizinesi, ndipo kufunika kwake kumatengera sukulu. Zina zimafuna GMAT, zina zimalandira NMAT, zina zili ndi mayeso awoawo olowera. Zotsatira za GMAT zimagwira ntchito zaka zisanu. Pamwamba pa mayesowo amafunanso kuti mukhale mutagwirapo ntchito, nthawi zambiri zaka zitatu mpaka zisanu.

Makirediti n'chiyani, ndipo akutanthauza maola angati?

Kirediti imodzi imaimira maola khumi a ntchito yonse: kukhala m'kalasi, kuwerenga, kukumana ndi gulu, kulemba mayeso. MBA siyichepera makirediti 180, ndipo sukulu zambiri zimapitirira pamenepo. Tiwerengere limodzi. Makirediti 180 ndi maola 1,800. Mukawagawa pa zaka ziwiri, n'kuchotsa tchuthi, mukupeza maola pafupifupi 20 pa sabata, pamwamba pa ntchito yanu ya masana, ana, tchalitchi, zinkhoswe ndi maliro. Masamu amenewa muwaonetse akunyumba kwanu ndi abwana anu musanalipire ndalama iliyonse, chifukwa maolawo mudzawachotsa kwa iwowo.

Kodi ndiyenera kupezeka m'kalasi tsiku lililonse? Ndine munthu wamkulu.

Inde muyenera, ndipo sukulu za bizinesi zimalimbikira pa izi kuposa madipatimenti ena. Chifukwa chake ndi kaphunzitsidwe. Mumawerenga nkhani ya kampani inayake musanabwere, ndiye m'kalasi mumakangana za chimene bwana wa kampaniyo anayenera kuchita. Wojomba amaphonya phunziro, komanso amamana anzake maganizo ake.

Pa pulogalamu ya mabuloko, imene anthu ochokera kutali amaikonda, mumabwera masiku angapo otsatizana kuyambira m'mawa mpaka madzulo kenako n'kubwerera kuntchito. Pamenepo tsiku limodzi likhoza kukhala gawo lalikulu la kosi yonse. Ndege ikakusiyani Lachinayi, mwina mwataya kosi imene idzabwerenso chaka chamawa. Musamagule tikiti yofika m'mawa wa tsiku loyamba.

Ndalandiridwa. Ndiye kuti ndalembetsa?

Ayi. Kulandiridwa ndi kalata chabe. Kulembetsa ndi pamene dzina lanu lalowa m'kaundula wa chaka chimenecho ndi makosi ake, ndipo kumachitika chaka chilichonse, ngakhale pamene chatsala ndi kafukufuku yekha. Wophunzira wakunja amadutsa kaye ku ofesi ya ophunzira akunja kukaonetsa pasipoti, viza, umboni wa medical aid ndi risiti ya fizi. Chimodzi chikasowa, kompyuta imakana.

Mukatha kulembetsa onani bwinobwino mndandanda wa makosi. Kukhala m'kalasi ya kosi imene simunalembetse n'kutaya nthawi, malikisi ake alibe kolowera. Kulembetsa kosi imene simukupitako n'koipa kwambiri, chifukwa idzatuluka kuti mwalephera ndipo mudzailipira.

Amati a m'maiko a SADC timalipira ngati eni dziko. N'zoona?

Pali choonadi chake. Mu 1997 atsogoleri a SADC anasainirana mumzinda wa Blantyre pangano la za maphunziro, limene limati wophunzira wa m'chigawochi azitengedwa ngati wa m'dzikomo pa nkhani ya fizi. Mayunivesite a boma ku South Africa amatsatira zimenezi pa fizi ya maphunziro, koma ambiri amawonjezera kandalama kena ka wophunzira wakunja, ndipo amafuna kuti wakunja alipire gawo lalikulu kapena yonse asanalembetse, pomwe mwini dziko amalipira pang'onopang'ono. Pemphani kalata ya fizi ya pulogalamu yanu yeniyeniyo, yosonyeza ngati mabuku, chakudya cha masana ndi ulendo wakunja zili momwemo.

Vuto lathu lalikulu si kuchuluka kwa fizi kokha. Ndi kupeza marandi. Amene anali pakati pa maphunziro mu Novembala 2023, pamene kwacha ya Malawi inagwetsedwa ndi 44 peresenti, anadzuka m'mawa ngongole yawo itakula popanda kuwonjezera kosi ngakhale imodzi. Kubanki nako pempho la ndalama zakunja likhoza kukhala pa mzere kwa milungu. Ofesi ya fizi ku Johannesburg siyidziwa za mzere umenewo pokhapokha mutaiuza. Lembani imelo tsiku lolipira lisanafike, ikani umboni wakuti munapempha kubanki, ndipo pemphani dongosolo lolipira pang'onopang'ono. Ngati akulipirirani ndi akuntchito, dziwani kuti pamaso pa yunivesite wangongole ndinu. Kampani ikachedwa, zotsatira zimene zimatsekeredwa ndi zanu.

Za viza zikuyenda bwanji?

Wophunzira wokhala komweko amafunika viza ya maphunziro, ndipo amaipempha asananyamuke kumudzi. Amalawi timalowa South Africa masiku 30 popanda viza ngati alendo, koma malamulo a 2014 salola kuti mlendo asinthe n'kukhala wophunzira ali m'dzikomo. Vizayo imalembedwa dzina la sukulu, choncho simungasamuke nayo kupita ku ina. Imalola ganyu yosapitirira maola 20 pa sabata. Medical aid iyenera kukhala ya bungwe lolembetsedwa ku South Africa, ya kumudzi salandira. Mukasiya sukulu, yunivesite imadziwitsa a Home Affairs, amene amaona za maviza.

Amene mumangobwerera mabuloko, funsani ofesi ya ophunzira akunja kuti ikulembereni chimene chikufunika kwa inu, ndipo kalatayo muziyenda nayo.

Malikisi amawerengedwa bwanji?

Kukhoza ndi 50 pa 100, ndipo 75 ndi distinction. Ku UCT, 70 mpaka 74 ndi upper second, 60 mpaka 69 ndi lower second, 50 mpaka 59 ndi third. Musadabwe kuona 64 pa ntchito imene munaitayira tulo. Kumeneko 64 ndi malikisi abwino ndithu.

Kosi imodzi imaphatikiza zinthu zingapo: ntchito ya gulu, asayimenti ya nokha, nthawi zina kuyankhula m'kalasi, ndiye mayeso. Msampha uli pa chimene amachitcha subminimum. Awa ndi malikisi amene muyenera kupeza pa mayeso kapena pa ntchito ya nokha, kawirikawiri 40 kapena 45, posawerengera za gulu. Munthu akhoza kukhala ndi 58 pophatikiza zonse koma n'kulephera kosi chifukwa pa mayeso anapeza 38. Lamuloli analiikira dala anthu amene amabisala kumbuyo kwa anzawo.

DP n'chiyani?

Ndi chilolezo cholembera mayeso. Ku UCT ndi ku mayunivesite ena, wophunzira amene sanapezeke m'kalasi mokwanira kapena sanapereke ntchito zofunika amakanizidwa kulowa m'chipinda cha mayeso, ndipo kosiyo imawerengedwa kuti walephera. Zofunika kuti mupeze DP zimalembedwa pa pepala la kosi lija.

M'gulu mwathu muli munthu amene sagwira ntchito. Titani?

Gulu limeneli amalitcha syndicate, ndipo simusankha nokha. Sukulu imasakaniza dala: wa ku banki, injiniya, dokotala, wa m'boma, wakunja. Mudzakhala nawo miyezi yambiri, ndipo gawo lalikulu la malikisi lidzachokera kumeneko. Ndinganene kuti theka la mikangano ya pa MBA imabadwira m'tizipinda timeneti usiku.

Ife tinaleredwa kuti munthu wamkulu samuneneza, ndipo timakonda kungomusenzera katundu mnzathu kuti pasakhale mawu. Pa MBA khalidwe limeneli limapweteka. Yambani ndi pangano lolemba sabata yoyamba: mukumana liti, ndani akuchita chiyani, wojomba mutani naye. Wina akayamba kuzemba, muuzeni pamaso, mwaulemu. Zikapitirira, mulembereni pa imelo ya gulu. Zikakanika, pitani kwa woyang'anira pulogalamu ntchito isanaperekedwe. Sukulu zambiri zili ndi fomu imene a m'gulu amapatsana malikisi, ndipo mphunzitsi akhoza kutsitsa a munthu mmodzi. Koma kudandaula zotsatira zitatuluka, dzina lake munalilemba kale pachikuto, palibe amene angakumvereni.

Mbali inayo ya nkhaniyi ndi yakuti nthawi zina wosaonekayo ndinu. Anzanu onse ali ku Sandton, akumana pamaso, inu muli ku Area 47 netiweki ikudukaduka. Musadikire kuti akuganizireni. Tengani gawo looneka, monga kuphatikiza lipoti lonse kapena kuchita masamu ake, ndipo lipereke nthawi isanakwane.

Ndikachedwa kupereka asayimenti chimachitika n'chiyani?

Sukulu zina zimachotsa malikisi pa tsiku lililonse, zina zimapereka ziro nthawi ikangodutsa. Imene imawerengedwa ndi nthawi ya pa kompyuta ya sukulu. Mwayi wathu ndi wakuti Malawi, Zambia ndi South Africa tili pa wotchi imodzi, koma amene muli ku Britain samalani. Kuzima kwa magetsi, kutha kwa bandulo ndi kutanganidwa kuntchito sizilandiridwa, popeza aliyense m'kalasimo ali pa ntchito ndipo za magetsi eni dzikowo amazidziwa bwino. Kuwonjezeredwa masiku kumapemphedwa tsiku lisanafike, pa zifukwa zimene zili m'funso lotsatirali.

Ndadwala, kapena kwathu kwagwa maliro, pa nthawi ya mayeso. Nditani?

Pali mayeso ochedwetsa, amene ena amawatcha deferred, ena aegrotat. Mumadzaza fomu, n'kuikapo kalata ya dokotala kapena umboni wa imfa, pasanathe masiku ochepa amene alembedwa m'buku la malamulo. Kalata ya dokotala ikhale ya tsiku limene munadwala, osati yolembedwa patapita sabata. Chinthu china chofunika: mukalowa m'chipinda n'kulemba mayeso mpaka kumapeto, ndiye kuti mwavomera kuti munali bwino. Simungadzanene pambuyo pake kuti malungo anali atakugwirani.

Za maliro zimafuna kufotokoza. Malamulo ambiri amanena za abale apafupi, ndipo amene anawalemba ankaganiza za kholo, mwana, mkazi kapena mwamuna, ndi wobadwa naye. Kwathu amalume akhoza kukhala amene anakulerani ndi kukulipirirani sukulu. Mayi aang'ono ndi mayi anu. Mwinanso inuyo ndiye mwinimbumba, ndipo maliro sangaikidwe musanafike. Musaganize kuti komiti izidziwa yokha zimenezi, ngakhale kuti ambiri a iwo kwawo n'chimodzimodzi. Lembani ziganizo ziwiri kapena zitatu zonena kuti malemuwo anali ndani kwa inu ndipo udindo wanu ndi wotani. Vuto lina ndi lakuti kumudzi munthu amaikidwa mawa lake, chikalata cha imfa chisanatuluke. Tumizani imelo musanakwere basi, nenani kuti umboni ukubwera, ndipo sungani chilichonse chimene mungapeze: kalata ya kuchipatala, ya amfumu, ya kumpingo, ngakhale chidindo cha pa boda m'pasipoti.

Ndalephera kosi. Pali sapu, mwayi wolembanso mayeso?

Osadalira. Kumene iliko, imaperekedwa kwa amene aphonya pang'ono, monga 45 mpaka 49 kapena 40 mpaka 49, ndipo ngakhale mulembe bwino chotani amakupatsani 50. Mapulogalamu ena a masters alibiretu sapu, ena amaika malire a kuchuluka kwake. Popanda sapu mumabwereza kosi yonse ikadzabweranso, n'kulipiranso. Ngati kosiyo ndi khomo la ina, zonse zimasunthira kutsogolo, ndipo viza ndi medical aid ziyenera kuwonjezeredwa.

Makosi amene amagwetsa anthu ambiri ndi a manambala: akaunti, fainansi ndi statistics. Ngati masamu munasiyana nawo pa Fomu 4, chitani kosi yokonzekera imene sukulu zambiri zimapereka maphunziro asanayambe.

Kodi pa MBA munthu amawidedwa?

Kwambiri. Kulephera makosi opitirira chiwerengero chololedwa, kulephera kosi imodzi kawiri, kapena kupitirira zaka zimene pulogalamu imalola, zonsezi zimachotsetsa. Mumalandira kalata, ndipo mumakhala ndi masiku owerengeka ochitira apilo ku komiti yoona zobwezeretsa ophunzira.

Apilo yabwino si kulira. Komiti imafuna zinthu zitatu: chinachitika n'chiyani, umboni wake uli kuti, ndipo chasintha n'chiyani kuti zisachitikenso. Apa m'pamene maimelo aja munalemba vuto lili mkati amakupulumutsani. Amene anakhala chete chaka chonse n'kudzatulutsa nkhani ya matenda a mwana atachotsedwa kale, ngakhale ikhale yoona, amavutika kuti akhulupiriridwe.

Sindikugwirizana ndi malikisi anga. Ndingatsutse?

Mungapemphe kuona pepala lanu, ndipo mungapemphe kuti aonenso ngati anaphatikiza bwino kapena ngati pali funso limene sanachonge. Kuchongetsanso pepala lonse kumaloledwa m'sukulu zina, pa malipiro, ndipo malikisi akhoza kutsika. Kumbukirani kuti mapepala a masters amadutsanso m'manja mwa woyesa wochokera ku yunivesite ina.

Tsatirani makwerero: mphunzitsi, woyang'anira pulogalamu, mkulu wa zamaphunziro, kenako dini (mkulu wa sukuluyo). Kulembera mkulu wa yunivesite poyamba kumangochedwetsa, kalatayo imabwerera pansi pomwe munalumpha. Mayunivesite ena, monga UCT, ali ndi ofesi ya Ombud yomva madandaulo njira zina zikatha.

Ndingaime kaye chaka chimodzi?

Inde, ngati mwapempha tchuthi cha maphunziro ndipo chavomerezedwa polemba. Zifukwa zake ndi monga matenda, uchembere, kusamutsidwa kuntchito kapena mavuto a ndalama. Kungosowa osanena ndi chinthu china: makosi onse amene munalembetsa amatuluka olephera, fizi imawerengedwabe, ndipo zaka zanu zikutha. Chimodzimodzi posiya kosi imodzi. Pali tsiku limene mukasiya lisanafike amakubwezerani ndalama ndipo siyioneka pa thiransikiriputi. Likadutsa, ndalama zapita. Funsaninso ngati pobwerera mudzapeza makosi omwewo, chifukwa pulogalamu ikasintha mukhoza kuwonjezeredwa ena.

Ndinayamba MBA kwina. Angandichotsereko makosi?

Mwina. Lamulo la dziko lonse ndi lakuti theka la makirediti kapena kuposa lichitidwe pa sukulu imene ikupereka digiriyo. Kosi yakaleyo iyenera kukhala ya pa khwerero lomwelo, yofanana zamkati, ndiponso yosakhalitsa. Komabe sukulu zambiri za bizinesi sizikonda kuchotsera munthu makosi oyambirira, chifukwa zimafuna kalasi yonse iyendere limodzi. Akauntanti amene akuti akaunti amaidziwa kale amauzidwa kuti akhalemo athandize gulu lake.

Makosi osankha amagawidwa bwanji?

Amabwera chakumapeto, malo amakhala owerengeka, ndipo kosi imene yasankhidwa ndi anthu ochepa imafafanizidwa. Khalani ndi ina yachiwiri m'maganizo. Kumene kuli ulendo wokaphunzira kunja, monga ku GIBS, wa pasipoti ya Malawi kapena Zambia ayambe msanga za viza ya dziko limenelo.

Turnitin yaonetsa 25 peresenti. Ndabera?

Nambala imeneyo payokha siyinena kanthu. Turnitin imangosonyeza mawu ofanana ndi a kwina, kuphatikizapo maina a mabuku ndi mawu amene mwawagwira moyenera. Pepala la 25 likhoza kukhala loyera, la 6 n'kukhala ndi ndime yathunthu yobedwa. Amene amaweruza ndi munthu.

Kubera kuno si likasa la m'thumba lokha. Kutenga ganizo la wina osamutchula, kusintha mawu awiri atatu m'ndime ya wina, kupereka ntchito imene munaiperekapo kale pa kosi ina, kulembetsa kwa munthu wolipidwa, kugawana mayankho pa ntchito ya aliyense payekha, zonsezi ndi milandu. Pa ntchito ya gulu, mmodzi akabera onse amene maina awo ali pachikuto amaitanidwa, choncho werengani gawo la mnzanu musanasaine. Chilango chimayambira pa ziro mpaka kuchotsedwa, ndipo chikhoza kulembedwa pa mbiri yanu ya maphunziro.

Za ChatGPT ndi zinzake, lamulo limasiyana kosi ndi kosi. Mphunzitsi wina amalola bola munene mmene mwagwiritsira ntchito, wina amaletseratu. Pepala la kosi likakhala chete, funsani pa imelo ndipo yankho lisungeni.

Kafukufuku wa kumapeto ndi wamkulu bwanji?

Pa masters ya mtundu umenewu, gawo limodzi mwa magawo anayi a makirediti liyenera kukhala ntchito yofufuza ya wophunzira payekha. Pa 180, amenewo ndi makirediti 45, maola 450. Apa m'pamene pamatsakamira anthu ambiri amene anakhoza makosi onse. Kalasi yatha, gulu labalalika, palibenso belu lokuitanani, ndipo kuntchito akuona ngati munamaliza.

Dongosolo lake ndi ili: mutu, pulopozo, chilolezo cha komiti yoona za umunthu pa kafukufuku, kenako kusonkhanitsa mayankho. Musafunse munthu ngakhale mmodzi chilolezocho chisanatuluke, chifukwa zimene mwasonkhanitsa kale zimatayidwa. Ngati mukufufuza m'kampani, mufunika kalata ya eni ake. Mbiri za anthu ku South Africa zimatetezedwa ndi lamulo la POPIA. Ngati mukafunsa anthu ku Malawi, fufuzaninso za chilolezo cha komiti ya kafukufuku imene ili pansi pa National Commission for Science and Technology, ndipo nthawi yodikira muiwerengeretu.

Langizo langa pa mutu: sankhani waung'ono, umene anthu owafunsa mukhoza kuwapeza. Kufufuza mabanki onse a kumwera kwa Africa kumamveka bwino pa pulopozo. Kufufuza mmene ogulitsa zipangizo zaulimi m'boma limodzi amapezera ngongole ndi kumene kumatha.

Supavaiza wanga sakuyankha. Ndidikire?

Sabata ziwiri zikadutsa, kumbutsani mwaulemu. Zikadutsanso, lemberani woyang'anira kafukufuku, n'kuikapo masiku amene munatumiza ntchito. Si mwano. Ku UCT wophunzira ndi supavaiza amasainirana pangano lonena kuti azikumana kangati ndipo ndemanga zizibwera pakapita nthawi yotani, ndipo ngakhale kumene kulibe fomu yotero mungapemphe kuti mugwirizane polemba. Mukakumana, tumizani imelo yachidule yonena zimene mwagwirizana. Koma dziyang'aneninso: amene anasowa miyezi inayi n'kutumiza machaputala asanu kutatsala sabata imodzi asayembekezere chozizwitsa. Mukaphonya tsiku lopereka, mumalembetsanso chaka china ndi kulipiranso.

Ndidziwa bwanji kuti MBA imeneyi ndi yovomerezeka?

Pulogalamu iyenera kukhala yovomerezedwa ndi Council on Higher Education ndi yolembedwa m'kaundula wa SAQA. Sukulu imene si ya boma iyeneranso kulembetsedwa ku Department of Higher Education and Training. Si nkhani yamasewera: mu 2004 Council on Higher Education itaunika ma MBA onse m'dzikomo, ena analandidwa chilolezo. Zidindo zakunja za AACSB, AMBA ndi EQUIS ndi ulemu wowonjezera, ndipo UCT ndi Stellenbosch zili nazo zonse zitatu, koma sizilowa m'malo mwa chilolezo cha boma. Chikomekome cha mkuyu chimapezeka kwambiri pa zotsatsa za pa Facebook zolonjeza MBA ya miyezi isanu ndi umodzi.

Ndamaliza zonse. Satifiketi ndiilandira liti?

Pa mwambo wa graduation, umene umachitika patapita miyezi zotsatira zitavomerezedwa. Ngati simungapite, mumadziwitsa ofesi ndipo digiri imaperekedwa inu kulibe. Amene akufuna umboni msanga wa kuntchito angapemphe kalata yonena kuti anamaliza. Ngongole iliyonse, ngakhale ya buku la ku laibulale, imatsekereza satifiketi ndi thiransikiriputi.

Mndandanda wa omaliza usanatsekedwe, onani mmene dzina lanu lalembedwera. Maina athu a ng' ndi a ŵ amalakwitsidwa kawirikawiri, ndipo amene ali ndi maina atatu amapeza limodzi lasowa kapena asinthanitsidwa. Lifanane ndi la m'pasipoti, chifukwa kukonza satifiketi itasindikizidwa kumatenga nthawi ndi ndalama. Mukabwerera nayo kumudzi, olemba ntchito ena, makamaka boma, amafuna kuti pepala lakunja liunikidwe kaye: ku Malawi ndi a National Council for Higher Education, ku Zambia ndi a ZAQA. Kumeneko adzafuna satifiketi pamodzi ndi thiransikiriputi, choncho tengani zonse ziwiri musanachoke.